Tucker uja wandizunguza mutu

Abale dzulo ndagona mochedwa ndikuwerenga za Benjamin Tucker, mkulu wa ku America amene anayambitsa nyuzipepala ya Liberty ku Boston mu 1881. Bamboyu ankadana ndi boma lililonse komatu ankadzitchula kuti ndi sosholisti, eti! Ankati wantchito azidya thukuta lake lonse, osati ena azimudyera kudzera mu lendi ndi chiwongoladzanja, koma akomyunisti ngati Peter Kropotkin wa ku Russia ofuna kuti katundu yense akhale wa gulu ankatsutsana nawo koopsa. Kenako anadzatengeka ndi maganizo a Max Stirner, wolemba mabuku wa ku Germany, oti munthu azitsata zofuna zake basi, mpaka anzake ena anasiya kulemba mu Liberty. Ine pa nkhani ya lendiyo ndili naye, za Stirner zo mmm ayi ndithu.