Mawu Awa Ndi a Ndani?

Lachitatu, usiku.

A supavaiza andibwezera chaputala chachiwiri cha kafukufuku wanga m'mawa uno. Pa tsamba lachitatu azunguliza ndime imodzi ndi bolopeni yofiira, m'mbali n'kulemba kuti, "Mawu awa ndi a ndani?" Ine osaganiza n'komwe, ndinangoti, "Ndi anga, Bambo." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Inuyo Chingerezi cha mu 1958 mwayamba liti kulemba?" Nkhope inandiyaka.

Chopweteka n'choti sindimanama. Ndinkakhulupiriradi kuti ndime ija ndi yanga. Imanena za thangata ku esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, komwe anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone usiku wa pa 23 Januwale 1915. Nditatuluka mu ofesi muja ndinakhala pansi pa mtengo n'kutsegula kope langa la mwezi wa Malichi. Ndime ija ndinaipeza, yolembedwa ndi dzanja langa lomwe, koma yopanda mitengero, yopanda nambala ya tsamba. Pamwamba pake ndinangolemba "S ndi P". Miyezi itadutsa, ndinaiwerenga, inandikoma, ndinaitenga ngati mwana wanga wobereka ndekha.

"S ndi P" ndi George Shepperson ndi Thomas Price, omwe buku lawo lonena za Chilembwe linatuluka ku Edinburgh mu 1958. Bukulo ndi chimphona, masamba opitirira 500. Ndathera maola awiri mu laibulale ndikutsata mlozera wa kumapeto, paliponse pomwe patchulidwa Magomero. Nkhomaliro inandipita. Cha m'ma 2 koloko ndinaipeza ndime ija, ndipo pakati pa yawo ndi "yanga" panasiyana mawu awiri okha. Kumeneko ndi kuba ndithu, ngakhale wakubayo sanadziwe.

Nditayamba kale kufukula, ndinati ndionenso zina, ndipo apa ndiye panatuluka nkhani yondisokoneza kwambiri. M'chaputala changa ndalemba mawu ena ngati kuti Chilembwe anawalankhuladi kwa anthu ake asanapite kukamenya nkhondo. Nanga ndinawatenga kuti? Kwa George Simeon Mwase. Koma Mwase kunalibeko ku Mbombwe, ku mishoni ya Chilembwe, usiku umenewo. Iye analemba nkhaniyi ali m'ndende cha m'ma 1932, zaka pafupifupi 17 zinthuzo zitachitika, potengera zomwe anamva kwa mmodzi wa anthu a Chilembwe yemwe anali naye m'ndendemo. Zolembazo zinadzasindikizidwa mu 1967, atazikonza Robert Rotberg. Ndiye taonani mzere wake: Chilembwe, mkaidi uja, Mwase, Rotberg, kenako ine. Ndiponso ine sindinawerenge Mwase weniweniyo, ndinawapeza mawuwo m'nkhani ya munthu wina amene anamutchula. Pakamwa pasanu kapena pasanu ndi pamodzi, koma pa pepala langa zikuoneka ngati ndinali pomwepo ndi kope m'manja.

Kwathu agogo akamafotokoza za mlandu amayamba ndi kuti "ndinamva kwa auje, iwowo anamva kwa apongozi awo." Kale ndinkaona ngati n'kutaya nthawi. Malamulo a APA, a katchulidwe ka mabuku omwe watengamo mfundo, omwe timagwiritsa ntchito kudipatimenti kwathu akunena zomwezo: ngati mwini mawu sunamuwerenge, tchula kuti wamupeza mwa yani. Ndakonza chiganizo chija kuti chiyambe ndi "malinga ndi Mwase", ndipo mawa ndikafunafuna buku lakelo kuti ndidzionere ndekha.

Madzulo ndagula kope latsopano pa okala. Pamwamba pa tsamba lililonse pazikhala dzina la wolemba, chaka, mutu wa buku ndi osindikiza, ndisanalembe kalikonse. Kumanzere ndajambula mzere wa manambala a masamba. Mawu okopera ndendende azikhala m'mitengero, ndi bolopeni yakuda. Zomwe ndafotokoza m'mawu anga ndizilemba buku nditatseka, chifukwa likakhala chotsegula maso amaba okha. Maganizo anga enieni ndiziwalemba m'Chichewa, pamenepo ndiye sindingasokonezenso. Shepperson sadzandinamizanso kuti ndi ine.

Mnzanga wa chipinda chimodzi wandiseka. Akuti, "Aise, ungoika Zotero pa laputopu, ndi yaulere, imakusanjira mndandanda wonse wa mabuku yokha." Ndiika, sindikukana, pakuti kusanja makoma ndi madontho pamanja kumanditopetsa. Koma Zotero sikanadziwa kuti ndime ya mu Malichi ija si yanga.

Magetsi azima cha m'ma 8, ndikulemba izi pa foni. M'kope lakale lija mwatsala mizere 14 yomwe sindikudziwa mwini wake. Ina pamwamba pake palembedwa "buku lobiriwira lija", basi. Laibulale amatsegula 8 koloko m'mawa, ndipo chaputala akuchifuna Lachisanu.