Mneneri anakumbatira apongozi

Dzina loti "mneneri" anandipatsa anzanga a pabawo, ndipo sindinalikane. Zinayamba pa 14 January 2022, tsiku lomwe Flames inakumana ndi Zimbabwe ku Bafoussam, pa mpikisano wa AFCON ku Cameroon. M'mawa mwake ndinati tipambana 2-1. Kunena zoona ndinkangofuna kutseka pakamwa mnzanga wina amene ankatinyoza chifukwa Guinea inali itatichinya 1-0. Koma madzulo Gabadinho Mhango atagoletsa ziwiri, ngakhale kayendedwe kanga kanasintha.

Za Senegal ndinalosera kuti Sadio Mané ndi anzake atimwetsa zitatu. Zinatha 0-0. Ndinawafotokozera anzanga kuti ndinanena dala pofuna kupusitsa tsoka, iwo n'kugwedeza mitu. Munthu ukangotchuka, anthu amakuthandiza okha kunama.

Kenako kunabwera Morocco, pa 25 January ku Yaoundé, ulendo woyamba Malawi kudutsa m'magulu. Namondwe Ana anali atangotikuntha, Kapichira itawonongeka, magetsi kulibe. Mlamu wanga, yemwe amayendetsa minibasi, anamasula batire n'kukalumikiza kanema kunyumba kwa makolo ake ku Lunzu. Ndiye kuti kwa apongozi anga.

Apa mumvetse bwino. Zaka 9 ndili pabanja, ine ndi apongozi aakazi tinali tisanagwiranepo ngakhale chanza. Moni timapatsirana patali, ine nditanjuta, maso ali pansi. Akatulukira kukhomo lakumaso, ine ndimapeza chochita kuseri.

"Alamu, lembani," ndinatero tisanalowe. "Lero ndi 1-0, wogoletsa Gabadinho."

"Mukubetcha chiyani?"

"Tambala wanga wofiira uja."

"Nanenso ndaika wanga."

Pabalaza tinadzazana ngati matumba a chimanga. Babu anazimitsa kuti batire lisathe msanga, kuwala kunali kwa kanema kokha. Mlamu anakhala kumanja kwanga pabenchi, atadzifunditsa bulangete. Mpira utangoyamba zithunzi zinayamba kudukaduka chifukwa cha mphepo, iye n'kutuluka kukagwira dishi. Ine sindinaone. Sindinaonenso kuti pamalo pakepo pakhala munthu wina, yemwe anatola bulangete lomwelo. Maso anga anali ku Yaoundé.

Mphindi ya 7, Gabadinho analandira mpira kutali, cha pakati pa bwalo, pamalo poti munthu wanzeru amapatsira mnzake. Anadzutsa mutu, anaona Bounou, goloboyi wa Morocco, wasiya golo, anaumenya. Mpira uja unauluka, unauluka, n'kukagwera mu ukonde.

Zomwe zinachitika kenako ndinachita kuuzidwa zina. Ndinatembenukira kumanja, ndinakumbatira bulangete ndi mwini wake yemwe, ndinanyamula m'mwamba n'kuzungulira kawiri, uku ndikukuwa kuti, "Tambala wako ndadya, galu iwe! Ndadya!"

Pozungulira kachitatu m'pamene mutu unayamba kugwira ntchito. Mlamu wanga ndi chimunthu chamimba, koma katunduyu anali wopepuka. Mlamu wanga amanunkha dizilo, koma apa pankamveka utsi wa nkhuni. Komanso mlamu wanga savala duku.

Ndiye kunamveka mawu ofatsa, pafupi ndi khutu langa penipeni: "Apongozi, titsitseni."

Pakhomo panali pataima mlamu, atanyowa, tochi ya foni ili pa ine.

Ndinawatsitsa pang'onopang'ono ngati dengu la mazira. Ndinayamba kubwerera chafutambuyo ndikuwomba m'manja, ndipo mwendo unakola waya wa batire. Kanema anathima. Dziko lonse linaonanso chigoli chija kangapo, koma anthu a m'nyumba imeneyo anachiona kamodzi kokha, ndipo mlamu sanachione n'komwe. Mumdimamo palibe anaseka. Apongozi aamuna anangotsokomola kamodzi, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

Mpira wotsalawo ndinaumvera pakhonde, mvula ikundiwaza. Mkazi wanga anatuluka, anandiyang'ana, anatsegula pakamwa, anatsekanso, n'kubwerera. Pawindo ndinkamva anthu akukuwa dzina la goloboyi wathu Charles Thom nthawi iliyonse akatchinga, ine n'kumadzilimbitsa mtima kuti Flames ikapambana mlandu wanga udzakwiririka m'chisangalalo. Ndinkawerengera kuti anyamata 11 amene anali ku Cameroon andipulumutsa kwa apongozi.

Chigawo choyamba chili pafupi kutha, En-Nesyri wa Morocco anabweza ndi mutu. Cha m'mphindi ya 70 kunagwa firikiki, m'nyumba munati zii, kenako ndinamva "aaa" wautali. Anali Hakimi, wagoletsera Morocco chachiwiri. Ndinanyamuka osatsanzika, ndinakagona kwa mnzanga.

M'mawa mwake ankhoswe anandiuza kuti nkhani yotere sapepesa ndi pakamwa pokha. Choncho ku Lunzu ndinapita ndi nkhuku ziwiri pakaliyala wa njinga: tambala wa mlamu, ndi thadzi la apongozi, lomwe linali litangoyamba kuikira. Ndinanjuta patali kuposa kale. Apongozi analandira kudzera mwa mdzukulu wawo, anakambirana naye monong'ona, mwana uja n'kubwera kwa ine.

"Akuti agogo zikomo. Akutinso muwauziretu tsiku lomwe Malawi idzasewerenso, kuti adzakhale kukhitchini."