Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Joni ndi Pretoria

Pepani anzanga, ndakusiyani m'malere milungu itatu yathunthu. Foni inagwera m'chidebe chothirira maluwa, ndiye ndinachita kudikira kuti mwezi uthe kuti ndipeze ina. Ndatsegula dzulo n'kupeza ndemanga zanu zitaunjikana. Zikomo nonse. Mayi amene munalemba kuti gawo lapita lija munaliwerenga muli pantchito yausiku kuchipatala mpaka misozi kugwa, Ambuye akudalitseni. Achimwene amene munati ndimathira mchere wambiri m'nkhani, inunso zikomo, bola mukuwerenga.

Funso limene labwera kambirimbiri ndi lakuti ndinachokeranji ku Joni n'kukakhala ku Pretoria, nanga kwabwino n'kuti. Ena mukufunsa chifukwa pasipoti yatuluka ndipo mwayamba kulongedza chikwama. Ena ndikukudziwani, mukufuna kundikola pakamwa. Nonse ndikuyankhani lero.

Mizinda iwiriyi inatalikirana makilomita pafupifupi 60 pa msewu wa N1, ndipo masiku ano pakati ponse, ku Midrand ndi ku Centurion, padzaza nyumba ndi mafakitale, moti ukawodzera mu takisi sudziwa pamene wina wathera. Koma mitima yake ndi iwiri. Joni anabadwa ndi golide mu 1886, ndipo mpaka pano ukamalowa umaona mitumbira yachikasu ya dothi lochokera m'migodi. Aliyense kumeneko amayenda ngati waiwala mphika pamoto. Pretoria ndi wamkulu pobadwa, wa 1855, mzinda wa maofesi a boma, akazembe, asilikali ndi ana a sukulu zaukachenjede. Ali m'chigwa, n'chifukwa chake kumatentherako, pomwe ku Joni ndi pamtunda ndipo chisanu cha mu Juni chimalowa mpaka m'mafupa.

Agogo anga aja ndinakuuzani mu gawo 2, amene anapita kutheba pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito zakumigodi, n'kubwerako Kamuzu ataletsa zotumiza anthu kumigodi, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974 n'kupha Amalawi 74, ankakonda kunena kuti Joni sadya munthu tsiku limodzi, amayambira kuchala. Ine ndinkaseka. Ndinatsika basi pa Park Station mu 2006 ndikusekabe, msuweni wanga wachipewa chofiira uja akundikupizira dzanja pakati pa chikhamu cha anthu.

Tinkakhala ku Alexandra, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya gogo Wachizulu uja, chakumunsi kufupi ndi mtsinje wa Jukskei. Ine m'mawa ndinkawoloka msewu wa M1 wapansi kukafuna maganyu ku Sandton, msuweni n'kutsala pakhonde ndi makina ake osokera. Ndalama inkaoneka, ndisaname. Ku Joni ukakhala ndi manja sugona ndi njala. Ndiponso kuli anthu. Ukatsokomola usiku, wina kuseri kwa lata amakufunsa ngati wamwa mankhwala.

Lamulungu pa 11 Meyi 2008, kutangoda, tinamva malikhweru ndi nyimbo chakumtunda, ngati anthu akuchokera kumpira. Anali anthu osaka alendo ochokera kumaiko ena. Kenako magalasi kusweka. Kenako mayi wina kukuwa m'Chishangani. Gogo anabwera osagogoda, n'kutikoka malaya tonse awiri ngati tiana, kukatilowetsa m'nyumba mwake, pansi pa bedi. Mpaka lero ndikamva fungo la polishi wapansi wosakanikirana ndi parafini, m'mimba mumanditembenuka.

Tinagona chafufumimba, mapewa atagundana. Phokoso likuyandikira, chitseko ndi chitseko. Ndiye msuweni anandinong'oneza kuti, "Makina."

Ndinati, "Iwe, usachite misala."

"Ndikangonyamula mutu wokha, thebulo atenge."

Makina amenewo anawagula atasunga ndalama chaka chathunthu, ndipo ndiwo ankaphunzitsa ana ake atatu. Ndinam'gwira mwendo. Anapalapata, n'kupulumuka. M'manja mwanga munatsala patapata wake wakumanzere.

Sanafike n'komwe pakhomo pathu. Ndinamva akumuimitsa pabwalo, mapazi ambiri, wina akugwedeza chitsulo pa mpanda. Anam'funsa Chizulu, iye n'kuyankha bwinobwino, paja ankachidziwa chogulitsira malonda. Kenako wina anati, "Yini le?" Kutanthauza kuti, ichi n'chiyani? Kunali zii. Anabwerezanso. Pambuyo pake msuweni anadzandiuza kuti munthuyo ankaloza chigongono. Tandiuzani anzanga, telala amene ntchito yake ndi kuyeza chiuno ndi kutalika kwa thalauza, dzina la chigongono akanalimva kuti? Mawu ake ndi indololwane. Ndinadzawaphunzira mochedwa, ndipo ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku ndikhoza kuwatchula.

Chimene chinatsatira chinamveka ngati munthu akuthyola nkhuni zouma pabondo. Kawiri. Msuweni sanakuwe, anangobuula ngati ng'ombe. Ine ndili pansi pa bedi, patapata m'manja. Gogo anakhala pabedipo, zidendene zake zong'aluka zili pamphuno panga penipeni, akupemphera chapansipansi, ndipo nthawi iliyonse ndikasuntha ankandiponda dzanja. Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati. Ndinaluma patapata uja kuti mano asamveke kugundana.

Sindinatuluke.

Apa ndiimeko kaye. Alamu anga, ndikudziwa mumawerenga mwakachetechete osalembapo kanthu, koma pamaliro ndi pazinkhoswe mumauza anthu kuti ndinasiya mbale wanga akuphedwa ine n'kubisala ngati khoswe. Inde ndinabisala. Ndalemba ndekha pano kuti musavutikenso kunong'ona. Ndikanatuluka, bwenzi lero ana anga mukulera ndinu, ndipo tonse tikudziwa mmene munalerera a malemu achimwene anu. Mwiniwake wa mkono sanandiimbepo mlandu ngakhale tsiku limodzi. Inu amene munali pa mtunda wa masiku awiri pa basi ndiye mwasanduka woweruza.

Kutacha tinam'peza atatsamira chimbudzi, mkono wamanja ukulendewera, utathyoka pawiri. Makina atapita, thebulo lomwe. Tinakakhala kupolisi limodzi ndi mazana a anzathu, Amozambiki, Azimbabwe, Amalawi, kugona panja m'chisanu cha Meyi. M'milungu imeneyo m'dziko lonse munafa anthu 62. Boma la kwathu litatumiza mabasi, msuweni anakwera, pulasitala ali pakhosi. Ine ndinam'nyamulira chikwama mpaka pakhomo pa basi, n'kubwerera. Ena munandifunsa kale chifukwa chake. Ngongole ya ulendo ndinali ndisanamalize, ndipo tsopano ana ofuna fizi anali asanu ndi awiri, anga ndi ake. Wina ankayenera kutsala.

Dona wina amene ndinkam'tchetchera kapinga ndiye anandipezera malo kwa m'bale wake kum'mawa kwa Pretoria, ntchito ya m'dimba, ndi kachipinda kuseri kwa galaja. Mwezi woyamba ndinkagona nsapato zili kuphazi. Chimene chinkandisowetsa tulo chinali bata. Kopanda wailesi ya neba, kopanda mfuti, kopanda woledzera woimba. Agalu okha ndi kulira kwa waya wamagetsi pampanda, thi, thi, thi.

Zaka zisanu zinadutsa ndikuthirira maluwa.

Pretoria anandibwezera tulo, zimenezo sindingakane. Koma chaka china m'nyengo yozizira ndinadwala chibayo mabwana atapita kunyanja kutchuthi. Masiku anayi ndili gone, palibe anagogoda. Ndinkayang'ana denga n'kumaganiza kuti ndikafa pano adzandidziwa ndi fungo. Ku Alexandra zimenezo sizingachitike. Tsiku loyamba lomwelo wina akanathyola chitseko, kaya kudzakuona kaya kudzakubera, koma akanalowa. N'chifukwa chake mpaka pano Lamulungu likakwana ndimakwera takisi pa Bosman kupita ku Joni, kukapemphera ndi anzathu, kukamva Chichewa ndi Chiyao m'misewu ya ku Mayfair, kukapereka katundu kwa matransipota, kukasonkha pakagwa zovuta. Dzuwa likamapendeka ndimathawa kubwerera kokagona. Ndalama za takisi zimene ndawononga pa msewu umenewu bwenzi nditamangira nyumba ina.

Ndipo amene mukulongedza zikwama musamve ngati ku Pretoria ndi kumwamba. Mu Febuluwale 2017 anthu anaguba mumzinda momwemu kukana alendo, ndipo tsiku limenelo sindinatuluke pageti. Chilankhulonso chimasintha. Chizulu chimene unavutika nacho ku Joni ukafika kuno umapeza anthu akuyankhula Chisotho chawochawo chosakaniza, amati Sepitori, mabwana ambiri Chiafrikaans. Umayambiranso kukhala wosalankhula. Maganyu ndi ochepa, ndipo ntchito imapezeka ngati wina wakutchula dzina kwa bwana. Wobwera kumene wopanda m'bale, ine ndingamuuze kuti ayambire ku Joni, ngakhale ndikudziwa chimene Joni anandichita.

Mu Okutobala 2014 kunabwera mlongo wanga wamng'ono uja, wa geni ya zovala. Anam'dindira masiku 30 pachipata, iye n'kukhala milungu iwiri. Okutobala ndi mwezi umene mitengo ya jacaranda imachita maluwa, misewu yonse ya Pretoria n'kusanduka yofiirira. Ndinapita naye ku Union Buildings, kumene kuli ofesi ya pulezidenti, akajambulitse pa chiboliboli cha Mandela chotalika mamita 9, chimene anachiimika mu Disembala 2013 mkuluyo atangoikidwa m'manda. Anatambasula manja ngati chibolibolicho, n'kuyang'ana mzinda wonse uli m'munsi, nati, "Achimwene, ndiye mumatinamiza kuti mukuvutika? Kuno ndi ku paradaiso!"

Ndinangoseka. Pakhomo pamene ndimagwira ntchito pali mitengo imeneyi itatu. Maluwa amene iye ankatola n'kumaika m'tsitsi, ine ndimawasesa kawiri patsiku kwa mwezi wathunthu. Akagwa pa simenti mvula n'kuwaza amaterera ngati therere, amamatirira pa galimoto ya bwana, amatseka mipaipi ya padenga, ndipo pansi pamadzaza njuchi zimene zandiluma kumapazi kosawerengeka. Mlendo ndi mame, amaona duwa lili mumtengo. Tsache amagwira ndi wokhala.

Koma chimene chinandidabwitsa n'chakuti patatha masiku atatu anayamba kuyasamula. "Kuno kulibe moyo, tipite ku Joni." Iye Joni wake anali wa mashopu a Matchaina, wa mabelo, wa kutsitsana mitengo mpaka mawu kusasa. Ankabwerako madzulo miyendo itatupa, maso akuwala. Ine m'mbuyo mwake ndanyamula zikwama, maso uku ndi uku, foni ndabisa m'sokosi. Msewu umodzi womwewo, iye akuona malonda, ine ndikuwerenga anyamata amene aima pakona.

Tsiku lomaliza anaumirira kuti tikwere Gautrain, sitima yothamanga ija inayamba kufika ku Pretoria mu 2011. Ine ndinali ndisanaikwerepo. Wokhala amakwera takisi, sitima imeneyo mtengo wake ndi wa mabwana ndi alendo. Tinakwerera ku Hatfield. Mipando yofewa, kuzizira bwino, mlonda akuletsa ngakhale kutafuna chingamu. Mlongo wanga foni ili pawindo, kujambula chilichonse. Centurion. Midrand. Kenako sitima inayamba kuchepetsa liwiro, mawu n'kulengeza kuti Marlboro.

Sindinkadziwa kuti njanjiyo imadutsa pamenepo. Nditakweza maso ndinaona malata ali mbwee kutsetserekera kumtsinje, utsi, zovala zoyanikidwa pa mawaya. Alexandra. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali ndikuzemba malo amenewa, takisi iliyonse yodzera chakumeneko ndinkaisiya.

"Achimwene, kumeneku ndiye kuti? Anthu amakhalamo mmenemu?"

Ndinati, "Amakhalamo."

Anajambula kawiri. Zitseko zinatsekeka, sitima n'kulowa pansi pa nthaka kulinga ku Sandton, pawindo n'kutsala nkhope yanga yokha. Sanadziwe kuti kumeneko n'kumene msuweni wake anasiya mkono, ndipo sindinamuuze. Achemwali, ngati mukuwerenga, mwadziwa lero. Chithunzi chija munachiika pa Facebook n'kulemba kuti "Joni yonse ndaiona" chikadalipo, ndinachiyang'ananso usiku wathawu.

Msuweni ndimayankhula naye mwezi ndi mwezi. Mkono unapola mokhota, sutha kuwongoka, ndiye kusoka anasiya; makina amene ndinam'tumizira mu 2012 akusokera ndi mwana wake wamkazi woyamba. Nthabwala zake sizinathe, amanditchabe mtchona. Koma nthawi zonse tisanadule foni amafunsa chinthu chimodzi: "Iwe, gogo uja akadali moyo?" Ndimayankha kuti ndikafufuza. Kuchokera pano mpaka pakhomo pa gogo ndi ulendo wosakwana maola awiri, takisi ziwiri basi, ndipo sindinapitebe kukathokoza.

Gawo likubwerali ndikuuzani za mayi a ana anga ndi kalata ija, popeza ambiri mwakhala mukundikumbutsa. Amene munafunsa za patapata: ndili naye, ali m'sutikesi pansi pa bedi.