Tibowa ta m'mizu ndi nkhani ya kasakaniza

Semesita ino mu kosi ya soil biology mutu womwe sukundichoka m'maganizo ndi wa tibowa tokhala m'mizu ya zomera, ma mycorrhiza aja. Ku lab tinatsuka mizu ya chimanga, kuitenthetsa mu mankhwala a KOH kenako kuidaya ndi utoto wa trypan blue, ndiye pa maikulosikopu mkati mwa muzu munaoneka timaulusi tabuluu, tina tochita nthambi ngati kamtengo mkati mwenimweni mwa selo. Pamenepo ndi pomwe amasinthanirana, chomera chimapereka shuga ndi mafuta, bowa n'kubweza phosphorus, chakudya cha zomera cha m'nthaka, yemwe wakatola kutali komwe muzu sungafike.

Nkhani yagona poti bowa ameneyu popanda muzu wamoyo samakula, zivute zitani. Ndiye tangoganizani munda wa chimanga chokhachokha, mwakolola mu Meyi, mpaka mvula idzagwe m'nthakamo mulibe womudyetsa, amangotsala ma spore, timbewu take, kudikira. Koma momwe muli nandolo, poti amakhalabe wobiriwira chimanga chitauma kalekale, bowayo amapitiriza kudya, komanso mitundu ya bowayu ilipo yambiri ndipo uliwonse uli ndi mizu yomwe umachita nayo bwino. Ku Cedar Creek ku Minnesota, ku America, ofufuza anayesa pa mapuloti a udzu ndi maluwa akutchire, mapuloti a mitundu 16 ya zomera anapezeka ndi ma spore ambiri kuposa odzala mtundu umodzi.

Komatu ine sindikugwirizana ndi anzanga ena m'kalasi omwe akungoloweza kuti mitundu yambiri ya zomera basi bowa wambiri. Kabichi, mpiru ndi repu sizimulola n'komwe bowayu kulowa m'mizu, ndiye ukadzala zitatuzi pamodzi wachulukitsa mitundu koma iye wagona ndi njala. Feteleza wa phosphorus akachuluka nayenso chomera chimayamba kumukana, chimutengerenji poti chakhuta kale.

Zamuvuta kumvetsa mnzanga wapachipinda ndi zoti ndelema ndi manyame amene timagula pamsewu nthawi yadzinja nawonso ndi a m'mizu, koma gulu lina, iwowa amakuta muzu kunja osalowa m'maselo, ndipo amadalira mitengo ya miombo ndi misuku. N'chifukwa chake palibe amene amawalima m'shedi ngati bowa wa oyster, ndipo phiri likametedwa ndi a makala amayi otola bowa amayamba kupita kutali.