Tsiku limene alamu anamwa thambo langa

Achemwali anga ankafuna chithunzi cha flamingo choti apachike pabalaza pawo ku Rosettenville, mu mzinda wa Johannesburg. Anati n'zamanyazi kukagula cha pulasitiki m'tauni pamene mchimwene wawo amadya za burashi. Pakati pa sabata ine ndimapenta makoma a anthu ndi kulemba zikwangwani za mashopu, koma ntchito ya pamtima ndi yojambula mbalame ndi utoto wamadzi, ndipo sindikopera pa foni. Mbalame yokopera pa foni imatuluka yakufa. Ndiye achemwali analamula amuna awo kuti Loweruka lina mu Novembala anditengere ku Marievale pa galimoto yawo.

Marievale ndi dambo lalikulu la mtsinje wa Blesbokspruit, kufupi ndi Nigel. Kuchokera ku Johannesburg ndi ulendo wa ola limodzi mukadzera msewu wa N17 kulowera ku Springs. Mu 1986 dambo limeneli linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, kaundula yemweyo momwe mulinso Nyanja ya Chilwa. Alamu kwawo ndi ku Kachulu, m'mbali mwa Chilwa momwemo, kumene mbalame ya m'madzi ikatera anthu amayamba kuganiza za tomato ndi anyezi. Ndinawachenjezeratu kuti kumene tikupitako mbalame amangozidya ndi maso.

"Ndiye kuti anthu amawotcha petulo kukaona ndiwo n'kubwerako chimanjamanja?" anatero alamu.

Katundu wa ntchito imeneyi si wambiri, koma chilichonse chili ndi chifukwa chake. Pepala likhale la thonje, lochindikala, lolemera 300 gsm (magalamu 300 pa sikweya mita), ndipo mulimate ndi tepi mbali zonse zinayi pa kathabwa ka pulayiwudi. Pepala lopepuka likanyowa limapanga mapiri ndi zigwa, utoto n'kukadikha m'zigwamo. Maburashi atatu akwana: ozungulira nambala 6 ndi nambala 12, ndi ina yaphwathalala ya thambo. Pensulo ya 2B. Utoto mitundu isanu: ultramarine, permanent rose, yellow ochre, burnt sienna ndi raw umber. Woyera sititenga, kuyera kwa mbalame ndi pepala lomwelo limene mwalisiya losakhudza. Magalasi oonera kutali a 8x42. Kenako madzi: botolo la malita 2 a pampopi, ndi mabotolo awiri otha chiponde, lina lotsukira burashi, lina la madzi oyera osungunulira utoto.

Titangodutsa Springs, kamuvi ka kutentha kwa injini kanakwera mpaka pofiira. Alamu anaimika pambali pa msewu, anadikira kuti injini izizire, anatsegula rediyeta ndi kansalu, kenako ndinangoona botolo langa la malita 2 lili chafufumimba pakamwa pa rediyetayo, gubudu gubudu gubudu.

"Alamu, amenewo ndi madzi a ntchito!"

"Nanga tikupita kuti, alamu? Si kudambo? Munthu angasowe madzi kudambo?"

Ndinatsala ndi botolo limodzi la chiponde limene ndinadzaza kunyumba, madzi osakwana theka la lita.

Tinafika dzuwa litangotuluka. Ku Marievale kuli tinyumba tobisalamo, tokhala ndi mabenchi ndi mawindo aatali chopingasa oyang'ana kumadzi. Malamulo a m'menemo salembedwa onse koma aliyense amawadziwa: osayankhula mokweza, osatulutsa mkono pawindo, osamenyetsa chitseko, zovala zikhale zosawala. Alamu anali atavala jezi yachikasu ya Kaizer Chiefs. Tinapezamo anthu atatu ali duu, makamera awo ataloza kumadzi, ndipo mayi wina wachikulire anayang'ana jeziyo nthawi yaitali ndithu asanasendere kutipatsa malo.

Koma kunjako! Bango lili tsa, mpheta zofiira psu zikufufuma nthenga pamwamba pake. Timbalame takuda toyera pamphumi tija totchedwa coot tikuthamangitsana pamwamba pa madzi, tina titatuluka timabulo tiwiri tofiira pamutu chifukwa inali nyengo yoswa. Kakowa ali chiimire pamatope. Atsekwe awiri ndi ana awo. Ndipo chapatali pang'ono, pamadzi osaya, ma flamingo akuyenda pang'onopang'ono mitu ili m'madzi. Alamu anameza mate, ndinawamva.

Anali ma flamingo aakulu aja, osati aang'ono. Mumawasiyanitsa ndi mlomo: wamkulu mlomo wake ndi wapinki, wakuda kunsonga kokha, ndipo thupi lake limakhala pafupifupi loyera, kufiira kuli m'mapiko. Wamng'ono mlomo wake ndi wodera wonse ndipo thupi ndi lapinki kwambiri. Ambiri amalakwitsa pomupaka wamkulu pinki thupi lonse. Enanso amalakwitsa mwendo. Mfundo imene mumaiona pakati pa mwendo si bondo, ndi kakolo, n'chifukwa chake imapindikira kumbuyo. Bondo lenileni labisika mu nthenga.

Mbalame siyembekezera munthu, ndiye simuyamba ndi utoto. Mumayamba ndi pensulo pa pepala lapadera, kachithunzi kamodzi masekondi 20 kapena 30, maso ali pa mbalame, osati pa dzanja. Thupi choyamba, mzere umodzi wa khosi, mizere iwiri ya miyendo, basi. Ikasuntha musafufute, yambani china pambali. Flamingo amabwereza kaimidwe komweko akamadya, mutu chadodolido m'madzi, ndiye kachithunzi kamene munakasiyira panjira mudzakamaliza akabwereranso pamenepo. Nditadzaza tsamba ndinasankha kaimidwe kamodzi, n'kukasamutsira pa pepala lenileni mopepuka kwambiri, kuti pensulo isadzaonekere pansi pa utoto.

Tsopano thambo. Apa ndi pamene dera la Johannesburg limazunza munthu. Tili pamwamba, mamita oposa 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, mpweya ndi wouma, ndipo kamphepo kakangodutsa pawindo pepala limauma mukuliona. Thambo limafuna lipakidwe kamodzi n'kamodzi. Mumapendeketsa thabwa pang'ono, kunyowetsa pepala ndi madzi oyera mozungulira mbalameyo, kusakaniziratu ultramarine wokwanira, kenako kuyamba pamwamba n'kumatsika mzere ndi mzere. Pansi pa mzere uliwonse pamakhala kamkanda ka madzi, ndipo burashi yotsatira iyenera kukatola kasanaume. Mukachedwa mphindi imodzi yokha pamatsala mzere wakuthwa pakati pa thambo umene sungachokenso. Mukabwezera madzi pamalo poti payamba kuuma, madziwo amakankha utoto n'kusiya chizanga.

Popeza botolo linali limodzi, ndinkatsukira momwemo ndi kutunga momwemo, ndiye madzi anali atasanduka obiriwira bwino, a buluu wowala. Ndinali pakati penipeni pa thambo, kamkanda kali lende, pamene ndinamva kumbali kwanga, "Hii... hii..." Alamu anali atatsamwa ndi buledi wa chiponde. Maso ali tong'o, dzanja likupapasa pabenchi. Linapeza botolo lokhala ngati limene anatengamo chiponde chija. Anagugudiza lonse.

Ndinatembenuka ndi burashi kuti ndiviike, burashi inangogunda galasi, ngwe.

"Alamu, mwamwa thambo langa!"

Ndinaiwala zonong'ona. Alamu nawonso atamva kuti amwa penti anatsokomola chitsokomolo chimene chinagwedeza kanyumba konse, anaimirira, anagunda mutu kudenga la windo, jezi yachikasu ija n'kutulukira kunja theka. Ma flamingo anadzutsa makosi onse pamodzi, anathamanga pamwamba pa madzi, mapiko ofiira ndi akuda aja tambasu, ulendo wa kutsidya. Kunena zoona, kuuluka kumeneko kunali kokongola kuposa chilichonse chimene ndinaona tsiku limenelo, koma palibe anatithokoza. Bambo wina anayamba kupinda miyendo ya kamera yake mwakachetechete, ndipo kachetechete ameneyo anali wowawa kuposa kutukwana.

"Ndifa?" anafunsa alamu, lilime lili kunja, labuluu.

Ndinawauza kuti safa. Ultramarine alibe poizoni wodetsa nkhawa, ndipo chomatira chake ndi utomoni wa mtengo. Ukanakhala utoto wa cadmium kapena cobalt bwenzi tikukamba zina, n'chifukwa chake ojambula sanyambita burashi. Iwo anati ankayesa ndi chakumwa cha buluu chija amamwa othamanga.

Pamenepo thambo linali litauma kale, mzere uli pakati mbee. Ndinati bola ndipulumutse bango. Chamadzimadzi chimene chinatsala chinali tiyi wa rooibos mu fulasiki ya alamu, wopanda mkaka. Mtundu wake ndi wofiirira, sutalikirana ndi burnt sienna, ndiye ndinasungunulira yellow ochre ndi raw umber mu tiyi ameneyo, n'kukoka bango ndi nambala 6 kuchokera pansi kukwera m'mwamba, kutsitsa dzanja poyamba ndi kulinyamula pomaliza kuti nsonga ziwonde. Linatuluka bwino zedi. Chokhacho, silinkauma. Ndinagusa ndi chala, nyatanyata.

"Munathira shuga wochuluka bwanji?"

"Wa munthu wamkulu," anatero alamu.

Shuga amakoka chinyezi. Opanga utoto ena amathiramo uchi pang'ono kuti usaume gwa m'kabokosi, koma pang'ono penipeni, osati muyezo wa ku Kachulu.

Flamingo sangapakidwe ndi tiyi, angasanduke nkhuku yootcha. Pinki wake ndi permanent rose wa madzi ambiri ndi kadontho ka yellow ochre, ndipo mthunzi wa pansi pa mimba ndi ultramarine wosakaniza ndi rose, wopyapyala. Zonsezi zimafuna madzi oyera. Ndinatenga botolo lija, thabwa m'khwapa chifukwa sindikanalisiyanso pafupi ndi alamu, n'kutuluka kukatunga m'mphepete mwa msewu wa dothi umene umadutsa pakati pa dambo.

Ndisanafike pamadzi ndinamva ting'! ting'! ting'! Kambalame kakuda, koyera ndi kotuwa, ka miyendo yaitali, kotchedwa blacksmith lapwing. Kamaikira mazira pansi penipeni, pa kadzenje kosaya pafupi ndi madzi, ndipo mazirawo amafanana ndi dothi moti mungaime pafupi nawo osawaona. Kali ndi kaminga pa phiko lililonse. Mukakamva kakulira choncho, bwererani njira imene mwadzera, chifukwa mukamapita chammbali simudziwa ngati mukutalikira chisa kapena mukuchiyandikira. Ine ndinapita chammbali. Kanabwera molunjika kumaso, kanzake n'kudzera kumbuyo, fyuu pamwamba pa khutu. Ndinadzitchinga ndi thabwa, ndinabwerera m'mbuyo kamodzi, kawiri, kachitatu pansi panalibe.

Matope a m'bango amaoneka olimba pamwamba chifukwa cha masamba owola. Mwendo wamanzere unalowa mpaka m'bondo, wamanja unatsatira kukafunafuna mnzake. Fungo la mazira owola linakwera. Pothawa matope otere simukoka mwendo molunjika m'mwamba, amakugwirani kwambiri. Mumatsamira kumbuyo kapena kugwira bango, n'kumagwedeza phazi pang'onopang'ono kuti madzi alowe pansi pake, likamasuka mulitulutse chopendekeka. Njira imeneyi imapulumutsa mwendo. Za nsapato ilibe nazo ntchito. Yamanzere inatsala komweko.

Alamu anafika pamtunda ali wefuwefu, ndipo chinthu choyamba chimene anachita ndi kutulutsa foni.

"Imani choncho, alamu, achemwali anu sangakhulupirire."

Anandikoka ndi lamba wa buluku lawo, dzanja lina atagwira buluku. Thabwa ndinali ndalinyamula m'mwamba nthawi yonseyi, ndiye chithunzi chinapulumuka, kupatula madontho atatu a matope pa thambo ndi njere za bango zimene zinamatirira pa shuga.

Madzi ndinatunga ndithu. Ndinawasiya adikhe kwa mphindi khumi, koma madzi a Blesbokspruit si a pampopi. Kwa zaka zambiri mtsinjewu unkalandira madzi opopedwa m'migodi ya golide ya kum'mawa kwa Johannesburg, okhala ndi mchere wambiri, moti mu 1996 dambo limeneli linaikidwa pa mndandanda wa madambo a Ramsar amene ali pamavuto. Onjezani ndere ndi fumbi la matope limene silidikha. Pinki wanga atangokhudza pepala anasanduka wotuwa, n'kugwirana timadonthomadontho. Ndinajambula flamingo wodwala chikuku, ataima pansi pa thambo long'ambika pakati. Ma flamingo enieni anali asanabwerere, ndipo cha m'ma 2 koloko mitambo yakuda ya dzinja la kuno inayamba kuunjikana, mphezi zikung'anima. Munthu wanzeru saima poyera pa dambo la Highveld, dera lokwera lino, nthawi imeneyo. Tinathawira m'galimoto, ine phazi limodzi lili m'jumbo.

Achemwali analandira chithunzicho ndi manja awiri, anachiyang'ana, anandiyang'ana kumapazi, anayang'ana lilime la amuna awo. Anati bango lokha ndi lokongola. Anachipachika ndithu pabalaza, poti ndi cha mchimwene wawo. Lachiwiri m'mawa anandiimbira foni kuti nyerere zapanga mzere kuchokera kukhitchini, kukwera khoma, mpaka pa bango lija, ndipo zayamba kudya kuchokera kumizu. Akufuna china, cha flamingo wathanzi, chisanafike Khirisimasi.

Alamu analanda foni n'kunena kuti iwo ali okonzeka kundiperekezanso, bola ndithire petulo wa R300 ndi kunyamula malita 5, awiri a ine, atatu a rediyeta. Kenako anatsitsa mawu.

"Komanso alamu, wabuluu uja anali wozizira, wopanda kakomedwe. Ulendo uno mudzayambe ndi wofiira."