Mmene ndinayambira kulimbitsa thupi ndi malamba a rabala m'chipinda changa ku Rosettenville

Chipinda chimene ndimachita lendi ku Rosettenville n'chaching'ono, moti nditaikamo bedi ndi sitovu, malo amene anatsala ndi ongokwanira munthu kuima n'kutambasula manja. Zitsulo zonyamula sizikanakwanamo, ndipo kulipira jimu mwezi ndi mwezi kukanadya ndalama imene ndimatumiza kumudzi. Choncho ndinagula malamba atatu a rabala, amene m'masitolo a kuno ku Joni amawalemba kuti resistance bands, ndipo nditawatulutsa m'paketi ndinaona kuti sakusiyana kwenikweni ndi malegeni amene timamangira katundu panjinga kwathu ku Dedza.

Ntchito yoyamba inali yosankha lamba loyambira. Mtundu wa lamba umasonyeza kulimba kwake, ndipo pa malamba a TheraBand lachikasu ndi lofewa, lofiira n'lolimbirapo, kenako pamabwera lobiriwira, labuluu ndi lakuda, koma makampani ena ali ndi dongosolo lawolawo. Ine sindinadalire mtundu, ndinangotenga limene ndinkatha kulikoka maulendo 12, awiri omalizawo ndikuchita kuvutikira.

Pomangirira lamba ndi pamene ndinaphunzirapo nkhwangwa ili m'mutu. M'paketimo munali kachingwe ka mfundo yaikulu kumapeto, kopanikiza pachitseko, ndipo tsiku loyamba ndinaima mbali imene chitseko chimatsegukira, osakhoma n'komwe. Nditakoka mwamphamvu chitseko chinatseguka, lamba linafwamphuka n'kundikwapula pachifuwa, ndipo mkwingwirima wake unatha sabata usanazimirire. Kuyambira pamenepo ndimapanikiza kachingweko kumbali ya mahinjesi, ndimakhoma ndi kiyi, ndipo ndimayamba ndakoka pang'onopang'ono kawiri kuti nditsimikize kuti kagwira. Ndikafuna kumangirira pa zitsulo za pawindo ndimayamba ndakulungapo kansalu, chifukwa dzimbiri limadya rabala.

Masewero ake ndi atatu okha. Ndimaponda lamba ndi mapazi onse awiri, mapeto ake ndili nawo pamapewa, n'kumanyonyomala ndi kudzuka. Kenako ndimayang'ana kuchitseko n'kumakokera lamba kumimba, zigongono zikudutsa pafupi ndi nthiti, ndipo pomaliza ndimafulatira chitseko n'kumakankhira manja kutsogolo. Chilichonse ndimachichita maulendo 12, katatu, ndikupumira mphindi imodzi pakati.

Chimene chinanditengera nthawi kuchimvetsa ndi pobwezera. Thumba la chimanga limalemera chimodzimodzi kuyambira ponyamula mpaka potula, koma lamba limanka lilimbirabe pamene likutanuka, ndipo munthu ukafika kumapeto mtima umangofuna kulilekerera kuti libwerere lokha. Ndikalilekerera choncho, m'mawa mwake m'minofu simunkamveka kalikonse. Tsopano pobwezera ndimawerenga mpaka katatu ndikukoka mpweya, ndipo pokoka lamba ndimautulutsa, osaubanika.

Malangizo a 2020 a bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azilimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, choncho ndinasankha Lolemba ndi Lachinayi, ndikaweruka kuntchito. Maulendo 12 atayamba kupepuka sindinathamangire lamba lina, ndinangoyamba kuligwirira pafupi kuti lifupike, ndipo lolimbirapo ndinalitenga patapita milungu ingapo.

Ndisanayambe tsiku lililonse ndimatanula lamba pafupi ndi babu n'kuliyang'ana m'mphepete monse. Limodzi ndinkaliyanika pawindo, ndipo dzuwa linaliumitsa mpaka linachita timing'alu ngati ta kuchidendene m'nyengo yozizira. Limenelo ndinalitaya, ndipo awiri otsalawo ndimawasunga m'kathumba pansi pa bedi.