Mmene ndinalembera mbiri ya malemu bambo anga, msilikali komanso kalipentala

Mbiri ya malemu imawerengedwa m'mphindi zochepa pa mwambo wa maliro, koma kuilemba kumafuna kudekha pa nthawi imene munthu sungadekhe. Ntchitoyi anandipatsa ndi bambo aang'ono, uthenga utangofika kwa amfumu, adzukulu asanayambe n'komwe kukumba. Njira imene ndinatsata ndi iyi.

Ndinayambira pa mapepala. Bambo ankasunga zonse mu thiranki yachitsulo imene anachoka nayo ku baraki: buku limene anawapatsa popuma usilikali, mamendulo, khadi ya ubatizo ndi chiphaso cha unzika chimene anajambulitsa mu 2017. Chaka chobadwa cha m'buku la usilikali chinkasiyana ndi cha pa chiphaso. Kwa anthu a msinkhu wawo zimenezi n'zofala, choncho ndinapita kwa azakhali, amene ndi aakulu kwa bambo. Iwo sanatchule chaka. Anangoti agogo anali ndi bambo kumsana pamene Kamuzu ankamangidwa n'kutumizidwa kundende ya ku Gweru. Apo n'kuti ndi 1959, ndipo khadi ya ubatizo inagwirizana nawo. Mu mbiri ndinalemba zimenezo, koma pa mafomu a boma ndinatsata chiphaso, chifukwa kumeneko amafuna mapepala ofanana.

Buku la usilikali limapereka nambala ya munthu, tsiku lolowa ntchito, udindo ndi tsiku lopuma. Silinena zimene anaona. Bambo anakhalapo ku Cobbe Barracks ku Zomba ndi ku Moyale Barracks ku Mzuzu, koma za ku Mozambique sankakamba pakhomo. Ndinafufuza nambala ya foni ya mnzawo amene anali naye kumeneko, ndipo anafika pasiwa madzulo omwewo atavala chipewa chake chakale.

Iyeyo ndi amene anandifotokozera. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itaononga njanji zopita ku Beira ndi ku Nacala, katundu wa Malawi ankazungulira mtunda wautali kudzera ku Durban ndi ku Dar es Salaam, ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 asilikali athu anatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala, kupitirira malire a pa Nayuchi. Ankaperekeza sitima ndi anthu okonza njanji, akudziwa kuti pansi pangakhale mabomba okwirira. Ena sanabwerere amoyo. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome mu 1992. Mkuluyo atamaliza anandiuza kuti, "Mwanawe, lemba kuti anapita ndipo anagwira ntchito yake. Usawonjezere."

Ndinamumvera. Timakonda kumukweza udindo munthu akagona m'bokosi, kumutcha kaputeni pamene anapuma ali sajeni. Koma anzake a kunkhondo amakhala ali pomwepo akumvetsera, ndipo ulemu wabodza umawapweteka.

Gawo limene linandidyera nthawi ndi la ukalipentala, chifukwa lilibe pepala ngakhale limodzi. Zaka zimene bambo anagwira sowo ndi pulena n'zambiri kuposa zimene anagwira mfuti, koma palibe ofesi imene inazilemba. Ndinapita ku shedi kwawo kuseri kwa nyumba. Anyamata amene anawaphunzitsa ntchito, ena tsopano ndi azibambo a mashedi awoawo, anali atasonkhana kale akukhoma bokosi. Anakana kuti tikagule. Anatsitsa matabwa a mlombwa amene bambo anasanja kudenga la shedi, timitengo tili pakati kuti mphepo izidutsa, ndipo anapala usiku wonse ndi pulena ya bambo, imene chigwiriro chake chinasalala mpaka kutenga maonekedwe a dzanja lawo.

Ndinakhala pa benchi ndi kope langa, ndikuwafunsa akugwira ntchito. Sindinawafunse kuti bambo anali munthu wotani, chifukwa yankho lake aliyense amangoti anali wabwino. Ndinawafunsa kuti anditchulire zinthu zimene bambo anapanga zomwe anthu a pamalirowo angazione ndi maso. Apo ndiye nkhani zinatuluka. Mabenchi a m'tchalitchi chimene tinkayembekezera kukachitira mapemphero. Zitseko ndi mafelemu a pasukulu ya pulayimale. Madenga a nyumba zambiri za m'mbali mwa njira ya kumanda. Wina anati bambo ankabweza thabwa laliwisi ngakhale mwini wake akalipe, poti chitseko chake chimapindika mvula ikangotha. Wina anandionetsa khoma la shedi pamene bambo ankalemba ngongole ndi pensulo: za mipando ndi makabati zinali ndi madeti, koma za mabokosi a maliro anazidula mzere osalipidwa. Chimenecho sindinkachidziwa, ndipo ndinachiika mu mbiri popanda kutchula mabanja ake.

Za banja ndinafunsa mayi: chaka cha ukwati, ana amoyo ndi omwalira, zidzukulu. Apa pamafunika kuwerenga mosamala, chifukwa kuiwala mwana mmodzi kumabala mkangano wa zaka. Za matenda tinagwirizana kungonena kuti anadwala kwa kanthawi, anagonekedwa m'chipatala, ndipo anatisiya. Dzina la matenda ndi la banja.

Usiku womaliza, makwaya akuimba panja, ndinawerengera mbiriyo bambo aang'ono, azakhali ndi mkulu wa mpingo. Anakonza dzina la mudzi umene bambo anabadwira ndi kundiuza kuti ndiifupikitse. Ndinadula mawu oyamikira, n'kusiya njanji ya Nacala ndi mabenchi. Ndinailembanso ndi zilembo zazikulu, n'kupatsa msuweni wanga wa mawu amphamvu kuti akawerenge, poti mwana wa malemu sangafike nayo kumapeto.

Kope lina ndinaliika mu thiranki muja pamodzi ndi buku la usilikali ndi chiphaso. Maliro atatha, mapepala omwewo ndi amene tinanyamula popita ku ofesi ya NRB, nthambi yopereka ziphaso za unzika, kuboma kukalembetsa imfa, ndiponso potsatira za penshoni ya mayi.